ANangozo ndi Mimba Zawo za Maungu

Kwathu kuno, kumapiri a njira ya ku Tsangano, kulibe munthu anatenga mimba zambiri kuposa malemu aNangozo. Ena amati zinakwana makumi asanu ndi atatu, ena amati zana linadutsa kalekale. Ankachira Lachiwiri, pofika Lachisanu mimba ili tuu, yakhwimanso. Matenda anawayambirapo pamsika, pachigayo, padibi la ng'ombe, ngakhale pakhomo la tchalitchi chathu nyimbo yotulukira ili m'kati. Ndipo ana awo onsewo, Ambuye andikhululukire, anali maungu.

Dzina lawo la ubatizo linali Thokozile, koma tonse tinkawatchula ndi chiwongo chawo, aNangozo. Anali mzamba wamkulu pa chipatala chathu chaching'ono kwa zaka makumi atatu. Anali afupi, otakata m'mapewa ngati munthu wosenza matumba a kachewere, ndipo mawu awo ankaboola chifunga cha m'mawa n'kukamveka kutsidya kwa malire. Pachifuwa ankapachika kawotchi, m'khosi wezulo. Zinthu ziwirizi anthu ankaziopa kuposa jakisoni.

Za maungu zinayamba chonchi. Chaka china anawaitana ku boma ku maphunziro a azamba okhwima, oti akabwerera azikasula azamba atsopano m'zipatala za kumidzi. Kumeneko anakaona chidole chophunzirira kudzutsa mwana wobadwa wobanika, uja amatuluka ali lefuu, osalira, osapuma. Ukachipopa bwino ndi kampira kopumitsira makanda, chifuwa cha chidolecho chinkakwera. ANangozo anachikonda ngati mdzukulu. Koma chinali chimodzi chokha, choti chizizungulira zipatala zambiri. Anachidikira mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu. Wachinayi anangotenga mpeni n'kutsikira kudimba kwawo.

Anasankha dzungu la msinkhu wa khanda, n'kulikolowola m'kati, n'kulimatanso ndi pulasitala. Analiboola pakamwa, maso n'kujambula ndi makala. Pamimba anaboolanso, n'kumangirirapo gulovesi. Ukalivindikira bwino kampira kaja pakamwa n'kufinya, gulovesi inkadzuka njo, zala zisanu m'mwamba ngati ikupereka moni. Ukalakwitsa, inkangogona. Dzungu loboola silikhalitsa, n'chifukwa chake ana awo anali ambiri chonchija.

Zikanathera m'chipatala momwemo bwenzi ife tili pamtendere. Koma aNangozo ankati mzamba angaphunzire chotani, mayi akafika mochedwa zonse ndi zachabe. Ndiye dera lonse linalowa sukulu osalembetsa.

Oyamba kulawa anali Che Nasoro, a golosale yaikulu ya pamsika pathu, munthu wa ndevu zake ndi ulemu wake. Masana ena munalowa mayi wofunda chitenje mpaka kumaso, mimba ili patsogolo, n'kupempha sopo. Asanalandire anangoti, “Mayo ine, chiuno!” khu, pansi, pakati pa matumba a mchere.

Che Nasoro anatuluka panja, n'kubwerera. Anatulukanso, n'kubwereranso. Ananyamula sikelo, n'kuibweza. Anasungunula shuga m'kapu kuti ampatse wodwalayo, n'kumwa okha. Kenaka anaima pakhomo n'kuyamba kuitana mayina a anthu amene anasamuka kalekale pamudzi pano. Mmene ankaipeza ngolo, ng'ombe zake zinali kudambo.

Mayi uja anavundukula chitenje, n'kuyang'ana kawotchi.

“Mphindi makumi anayi ndi ziwiri, Che Nasoro. Ine ndamwalira kale. Ndipimireni nsalu yakuda, ana anga avale.”

“ANangozo! Walahi, mundiphetsa ndi mtima inu!”

“Mtima wanu ukugunda bwino, ndimaumva ndili pansipa. Ikudwala ndi miyendo.”

Mkulu wina amene ankaonerera pazenera anati, “Koma amayi, akuluakulu anati kuthamanga si kufika.”

“Amene ananena zimenezo sanaonepo mayi akutaya magazi. Akanaona, bwenzi mwambiwo uli wina.”

Kuyambira pamenepo mudzi uliwonse unalandira wezulo ndi machira a nsungwi. Mphindi za mudzi uliwonse ankazilemba ndi choko pakhoma la chipatala, ndipo mudzi wokhala kumapeto unkasekedwa kuchigayo mwezi wathunthu. Atsikana anafika pomakana kufunsiridwa ndi amuna a mudzi wochedwa. Malemu amuna anga anali m'gulu loyamba la onyamula machira, ndipo tsiku lina, msana utawawawa, anachonderera kuti, “ANangozo, bwanji osamatuma wina wopepukirako?” Iwo ali pamachira pomwepo anayankha kuti, “Tsiku la akazi anu mudzayamba mwawayeza pasikelo? Kwezani mawondo, bambo!”

A kabaza, a njinga zamoto aja, anawaloweza malamulo atatu ngati katekisimu. Loyamba: mayi wamatenda um'mangirire kumsana kwako ndi chitenje, angagwe. Lachiwiri: amene anachitidwapo opaleshoni pa mwana wam'mbuyo usabwere naye kuno, lunjika ku chipatala chachikulu ku boma. Lachitatu: mayi ululu ukamukwera amalankhula zilizonse, akutukwana, akuuza kuti ima, akuuza kuti bwerera, iwe tseka makutu, yendetsa. Lamulo lachitatuli mulisunge, tilipeza kutsogoloku.

Anthu atayamba kuwazindikira, aNangozo anayamba kusintha maonekedwe. Lero ndi mayi wa geni ya tomato, mawa ndi mlendo wa ku Mozambiki wosadziwa njira. Oimbira mpira kwathu anasiya wezulo n'kumangoomba m'manja, chifukwa akangoimba penate, theka la osewera linkathamangira machira. Maungu ankawasunga kunsi kwa bedi kuti afike nawo chilimwe. Akatha ankamangirira kabichi, koma modandaula, ati kabichi ndi mwana wopanda khalidwe, amayoyoka panjira.

Ndi m'manja mwa munthu wotereyu mmene Aida anafikira. Anali namwali wa ku Sharpevale kotentha kuja, atangotsiriza kumene sukulu ya uzamba, ndipo mayeso anakhoza bwino zedi. Kuno anafika mwezi wa Juni, atavala majuzi awiri, mano akugundana. Anamutumiza kuti adzalowe m'malo mwa aNangozo, amene anatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti apume pantchito. Mzamba wina panalibe. Tonse tinkadziwa kuti Aida akachoka, chipinda chochiriramo amayi chikhomedwa loko, ndipo amayi abwerera kukachirira m'nyumba ngati kale, kumene tinatayira anzathu ambiri.

Sabata yachitatu kunabadwa mwana wobanika, ndipo anamulandira ndi Aida. Anamuona ali lefuu, milomo yakuda. Zonse za m'mabuku zinabwera m'mutu mwake nthawi imodzi, tsamba ndi tsamba, koma manja anauma gwa. Anangoima. ANangozo anamukankha ndi chiuno, n'kutenga mwana, ndipo posakhalitsa kulira kunamveka mpaka kuchidikiro, kumene amayi ochokera kutali amakhala podikira tsiku lawo. Mwana anakhala moyo. Koma Aida anapita kunyumba kwake n'kulemba kalata yosiya ntchito.

M'mawa anaipereka ndi manja awiri. ANangozo anaiwerenga ataitalikitsa, pakuti magalasi anawaiwala kudimba.

“Chizungu chabwino,” anatero. “Ukupita kuti?”

“Kwathu, amayi. Ndikaphunzira kusoka. Nsalu ukailakwitsa umangophwasula n'kusokanso, sufika nayo kumanda.”

“Manja aja anauma, eti?”

“Ndikanapha mwana wa eni ake.”

“Anga anauma chaka changa choyamba, ndipo pambali panga panalibe wondikankha.” Kenaka anapinda kalatayo n'kuilowetsa m'thumba la yunifolomu ya Aida. “Ndipatse miyezi itatu. Pepala siliwola. Ikatha manja ako akadali ouma, ndidzakuperekeza ndekha pasiteji, katundu ndidzakusenzera.”

Miyezi itatu imeneyo Aida sanaone mtendere. Akangokhala pansi kuti amwe tiyi, wezulo pyee! ANangozo ali gada pabenchi, Janeti, mayi wothandiza m'chipatalamo, akuwakupiza ndi faelo, dzungu likutuluka kunsi kwa chitenje.

“Sakulira! Wotchi yayamba! Mulungu anatipatsa mphindi imodzi yokha, mwanawe, yachiwiri ndi ya okumba manda!”

Aida ankalipukuta dzungulo ndi nsalu youma, kulitikita kumsana, kuligoneka pathebulo, kulivindikira kampira. ANangozo, amene posachedwapa anali mayi wolefuka, ankadzambatuka n'kuyamba kuponda pansi ngati ali pabwalo la ngoma, kuti Aida asafulumire kapena kuchedwa pofinya. “Puma, wiri, tatu! Puma, wiri, tatu!” Mabotolo a mankhwala ankavina okha pashelefu.

Wezulo anamupeza akuchapa. Anamupeza akulukitsa tsitsi, n'kuthamanga mbali imodzi ya mutu ili nyankhalala. Anamupeza m'tchalitchi, ife a Mvano tili pakati pa nyimbo. Janeti anasuzumira pazenera n'kukodola, Aida n'kutuluka chothamanga Baibulo kukhwapa, ndipo abusa anangoti, “Abale, tiwakumbukire aNangozo m'mapemphero, achire bwino.” Mpingo wonse unafa nalo phwete.

“Amayi,” Aida anafunsa tsiku lina akupukuta thukuta, “bambo wa ana onsewa ndani?”

“Manyowa a ng'ombe. Munthu wokhulupirika, sanandikhumudwitsepo.”

“Nanga za kulera zija mumaphunzitsa ku sikelo?”

“Zimenezo n'za anthu. Finya!”

Pofika mwezi wachitatu gulovesi inkadzuka kawotchi kasanafike theka la mphindi. Koma kalata inali m'thumba momwe muja, ndipo Aida ankaigwiragwira poyenda ngati munthu wopapasa chilonda.

“Dzungu silifa, amayi,” ananena madzulo ena akutsuka zipangizo. “Manja anga amadziwa kuti ndi dzungu. Tsiku la mwana weniweni adzaumanso.”

“Manja sadziwa kanthu. Wodziwa zambiri ndi mutu wakowo, ndipo ndi umene umatichedwetsa. Ine ndikufuna tsiku limenelo manja adzayambe ntchito mutu usanavale nsapato.”

Miyezi itatu inkatha Lolemba, ndipo Aida anali atayamba kale kulongedza mbale m'katoni.

Loweruka lake, tsiku la msika, aNangozo analawira ndi dengu lovindikira, chitenje chachilendo chili pamwamba. Aida anawaona pazenera n'kupukusa mutu. Adokotala athu nawo anali atapita ku boma kukatenga mankhwala. Dzuwa litafika paliwombo, wezulo analira kumsika, pyee, pyee! Posakhalitsa machira anatulukira pachipata, amuna anayi akuthamanga ngati a mwendo umodzi, Che Nasoro patsogolo, mkanjo ataukwinyira m'manja. Pamachirapo panali mayi wofunda mpango mpaka kumaso.

Aida anatuluka mosafulumira, akutafuna chimanga chokazinga.

“Lowetsani, lowetsani. Che Nasoro, lero ndiye mwasewera bwino. Mpaka misozi?”

“Anamwino, si sewero!”

“Eya, mumatero nonse.”

Anamugoneka mayiyo pabedi, amuna n'kutuluka. Aida anasamba m'manja, kuvala magulovesi, kuyala nsalu zouma, kuyesa kampira pachikhatho ngati kakugwira, zonse mmene ankachitira tsiku ndi tsiku, kwinaku akung'ung'udza.

“Amayi, mkuja ndi Lolemba. Osandisiya ndipumeko bwanji? Tulutsani dzungu lanulo tithane nazo.” Anasisita mimbayo ndi chikhatho.

Mimbayo inalimba gwa pansi pa dzanja lake. Mpango unavundukuka, ndipo nkhope imene inatuluka sinali ya aNangozo. Anali a Sakina, akazi a Che Nasoro, amene tsiku lawo linali likadali masabata atatu kutsogolo.

“Dzungu ndi iweyo!” anakuwa a Sakina. “Mwana akubwera!”

“A Janeti! Itanani amayi!”

“Sanabwerere! Foni yawo ikulirira m'dirowamu!”

Nthawi yoitana wina inali itatha. Mutu unali utaonekera kale. A Sakina anakankha katatu, ndipo mwana wamkazi anagwera m'manja mwa Aida, woterera, wolemera, ali lefuu. Osalira. M'chipindamo munangoti zii, moti ankamva mawu a Che Nasoro akupemphera panja.

Aida amanena mpaka lero kuti mantha anabwera ndithu, omwe aja, ozizira, okwera ndi msana. Koma mmene ankafika m'mapewa anapeza manja kulibe, apita kale kuntchito. Anali atamupukuta mwana, atamutikita kumsana, atamanga ndi kudula mchombo, atamugoneka pathebulo. Kampira kanali pankhope. Anafinya koyamba, chifuwa osakwera. Anakonza kamutu, n'kuvindikiranso bwino, mmene ankachitira gulovesi ikakana kudzuka. Anafinyanso. Kachifuwa kanakwera.

Ndipo a kuchidikiro anamva phazi likuponda simenti, di, di, di. “Puma, wiri, tatu! Puma, wiri, tatu!” Janeti naye analowerera, akuponda kwinaku atagwira dzanja la a Sakina. Amayi oyembekezera anaunjikana pazenera n'kumawerenga nawo, mimba zili patsogolo. Kenaka kadzanja kanadzuka, zala zisanu m'mwamba, ndipo kunamveka kulira kopyapyala ngati kwa kamwana ka mbuzi, n'kumakula, n'kumakula, mpaka kudzaza chipatala chonse.

Panja nthungululu zinasweka. Che Nasoro anakhala pansi m'fumbi ndi mkanjo wawo woyera uja, akungoti, “Alihamudulilahi, alihamudulilahi,” n'kumagwira chanza aliyense wodutsa, ngakhale amene anabwera kudzachotsa dzino.

Aida atatsiriza kusamalira a Sakina, magazi ataleka, mwana ali pachifuwa pa mayi wake, anafuna polemba nthawi yobadwira ndi kulemera kwa mwanayo asanaiwale. Buku linali m'chipinda china. Anangopisa m'thumba n'kulemba pa pepala limene analipeza.

Dzuwa litapendeka kunamveka njinga yamoto. Anatsikapo aNangozo, ofiira ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, dzungu lili kukhwapa litavekedwa kachipewa koluka ka makanda. Woyendetsa anali Gibson, bambo wa ku Manjawira amene anali atangoyamba kabaza kwathu sabata yomweyo. Anzake a pasiteji anamuloweza malamulo atatu aja bwinobwino, koma za dzungu anamubisira dala.

“Amayi, munali kuti?” anafunsa Aida.

“Mfunse mpulumutsi wangayu.”

Gibson anavula chipewa chake cha njinga mwaulemu. “Ine ndangotsata malamulo, anamwino. Ndinawapeza atagwa pamphambano, akulira kuti mwana wam'mbuyo anawachita opaleshoni. Ndinawamangirira kumsana, chitenje kawiri, manja m'kati.”

“Manja m'kati! Wezulo ndikanamufikitsa pakamwa ndi chiyani? Ine ndimangofuna kuona ngati akhotere njira ya ku boma. Atakhota ndinati, wakhoza, ima.”

“Lamulo lachitatu,” anatero Gibson.

“Ndinati ndine mzamba!”

“Ndinati pepani mayi, limbani mtima.”

“Ndinati ndi dzungu! Ndinakuwa phiri lonse kutsika, ndi dzungu, ndi dzungu!”

“Pamenepo ndiye ndinaonjezera moto. Ndinati basi, mutu wayamba kusokonekera.”

“Ndinamuluma paphewa!”

“Anandiluma ndithu,” Gibson anaonetsa malowo monyadira. “Mano amenewo ndi amene anandilimbitsa mtima kuti tifika ali moyo.”

Ku boma anamwino anawathamangira ndi bedi la matayala, n'kuvundukula chitenje, n'kupeza mphunzitsi wawo. Anaseka mpaka kugwira makoma. Dzungu analiyeza pasikelo, makilo atatu ndi theka, n'kuliveka chipewa, n'kuwauza kuti akabwere nalo pakatha sabata.

ANangozo anali akadafotokoza za mabampu a mumsewu pamene m'kati munamveka kulira kwa khanda. Anaduka mawu, khutu m'mwamba.

“Ameneyo ndi wa ndani?”

“Wa a Sakina. Anabadwa wobanika.”

Anampatsira Gibson dzungu, kusamba m'manja, n'kulowa. Anamuyang'ana mwana, kumugwira timapazi, kuona mchombo, kupapasa mimba ya mayi. Anafunafuna cholakwa paliponse, osachipeza.

“Anapuma patatha nthawi yaitali bwanji?”

“Sindinayang'ane wotchi, amayi. Manja anali otanganidwa.”

“Walemba pati?”

Aida anapereka pepala lija. ANangozo analitembenuza, n'kuona Chizungu chabwino chija kuseri kwake.

“Kalata iyi yaonongeka. Ku ofesi salandira kalata yokhala ndi makilo a mwana kumbuyo. Iyi ilowa m'faelo ya a Sakina.” Anamuyang'ana m'maso. “Ulemba ina?”

“Cholembera chatha inki, amayi.”

ANangozo anatembenukira kukhoma, n'kumati fumbi la mumsewu lawalowa m'maso. Kenaka anachotsa kawotchi kawo n'kukapachika pachifuwa pa Aida. Wezulo anakana naye, ati akadali ndi ntchito. Mwanayo Che Nasoro anamutcha Aida, koma msika wonse mpaka lero umamuitana Kadzungu, ndipo iye amavomera.

Pantchito anapuma mwezi wa Januwale, koma mimba sanapume nazo. Zaka zina zinayi anatigwerabe m'misika ndi m'maukwati, ndipo azamba atsopano amene ankabwera kudzasulidwa ndi Aida ankayamba kudziwa dzungu lawo asanadziwe dzina lawo.

Chaka chatha, mwezi wa Meyi, maungu atakhwima, mayi wina wodutsa anawapeza atagwa m'dimba mwawo. Mayiyo anaimba wezulo wa m'khosi mwa aNangozo momwemo. Machira anafika, amuna akuseka. “Lero mutiyamikira, aNangozo! Nanga mimba mwaiiwala kuti?” Anathamanga chitunda chonse osapumira, nthabwala zili pakamwa. ANangozo anangogona pamachirapo. Sanakalipe, sananene za mawondo a munthu. Pofika pamlatho kuseka kunatha kokha, n'kumangomveka mapazi.

Aida anangowaona pachipata n'kudziwa. Anachita zonse zimene akanatha, n'kuitana ambulansi. Podikira, aNangozo anatsegula diso limodzi, pakamwa patakhota, n'kuyang'ana kawotchi ka pachifuwa pa Aida.

“Zingati?”

Aida anayang'ana Che Nasoro, amene anali pakhomo, wefuwefu, foni ili m'manja.

“Khumi ndi zinayi,” anatero Che Nasoro. “Kuchokera kudimba.”

“Mwakhoza.”

Anatisiya patapita masiku awiri, ku chipatala cha ku boma.

Pamaliro panali Akhristu, Asilamu, a kutsidya kwa malire, ndi a kabaza atandanda ndi njinga zawo, Gibson patsogolo. Abusa anapempha kuti amayi onse amene anachirira m'manja mwa aNangozo aimirire, ndipo amene anatsala chikhalire anali owerengeka. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: mpaka bokosi likutsika, ambiri tinkayang'ana chivindikiro ndi diso limodzi, kudikira kuti chitseguke, mawu aja atuluke, akuti manda mwakumba maola atatu, ine ndikanakhala wamoyo bwenzi nditafa. Sichinatseguke.

Msika wathu unazizira chaka chonse. Maungu anasanduka chakudya basi. Mayi woyembekezera akalowa m'golosale, Che Nasoro ankamuyang'ana kumapazi ngati ndi nsapato zija, kenaka n'kutembenukira kushelefu kukonza zinthu zokonzeka kale. Choko cha pakhoma la chipatala chinakokoloka ndi mvula. Oimbira mpira anabwerera ku wezulo, koma iwo omwe ankati sizikukoma, chifukwa akaimba penate osewera onse ankangoima pomwepo, ndipo machira m'midzi ina anayamba kudyedwa ndi chiswe.

Sabata yatha kunafika azamba awiri atsopano, aliyense atavala majuzi awiri. Lachitatu masana ndinali m'golosale ya Che Nasoro kugula ulusi, pamene munalowa mayi wamtali wofunda chitenje mpaka kumaso, mimba ili tuu, yopendekera pang'ono kumanzere. Anapempha sopo ndi mawu obwereka. Che Nasoro anamuyang'ana. Anaona kawotchi kaja aNangozo anam'patsa Aida kakusuzumira m'mphepete mwa chitenje. Sanadikire n'komwe kuti mayiyo agwe. Anatola wezulo pamsomali, n'kutuluka panja, misozi ili chuchuchu, n'kuimba mpaka nkhunda zonse za pamsika zinauluka.

Ndipo tinathamanga. Ngakhale ine, ndi mawondo angawa, ndinathamanga.